Amake Duwa ndi Galu wa Dona

Pa mapulazi a fodya a ku Umvukwes, komwe masiku ano amati Mvurwi, aliyense amene anakhalapo komboni imodzi ndi Keziya ankamudziwa ndi mtima wake wapachala. Anali mayi wamfupi, wa mapewa ngati a mwamuna, ndipo akakuwa ali kuchitsime mawu ake ankafika mpaka ku mabani oumitsira fodya. Kwawo kunali ku Dedza, ku Nyasalande. Anabwera ku Rodeshiya chaka chomwe Chitaganya cha Rodeshiya ndi Nyasalande chinayamba, pa lole ya ulele imene inkatuta anthu ofuna ntchito. Palibe anamuitana. Anangoona kuti mwamuna wake Elifasi wakhala zaka osabwerera ndipo anthu pamudzi ayamba kumutchula mtchona, basi anamanga kamtolo n'kunyamuka kuti akamukoke pa khutu. Anamupeza pa pulazi ya mzungu wina dzina lake Bwana Gray, ali wowonda, malaya ong'ambika, alibe ngakhale njinga imene ankaifuna pochoka kumudzi. Anamukalipira mpaka mawu anasasa, kenako anasesa m'nyumba, nayenso n'kuchona.

Mwana wawo woyamba anali atamuika m'manda kumudzi. Wachiwiri anabadwira pa pulazi pomwepo koma chifuwa chinamutenga asanayambe kukwawa. Anamuika kuseri kwa chulu, kumalire a munda, chifukwa anthu obwera analibe manda awoawo. Chaka chotsatira Bwana anakuza munda ndipo thirakitala inalima pomwepo. Keziya anathamangira woyendetsa thirakitalayo ndi chibuma m'manja, namutukwana m'Chinyanja ndi m'Chishona momwe, koma khasu lachitsulo linali litadutsa kale.

Choncho mwana wachitatu atabadwa, wamkazi, amayi a pa komboni anati amutche Masozi, poti nyumbayo inali italira kokwanira. Keziya anadzuka pa mphasa, mimba idakali kupweteka.

“Awiri ndawalira, wachitatuyu ndimusenzetsenso misozi? Tulukani m'nyumba mwanga ngati mulibe dzina lina!”

Mlaliki amene ankabwera pa njinga kudzachititsa mapemphero anamutcha Esnat, ndipo ndi limene anabatizidwa nalo. Koma dzina limene linagwira linachokera kwa bambo ake. Inali nyengo yothena fodya. Fodya wa mzungu saloledwa kuchita maluwa: akangotulutsa nsonga, antchito amalowa mzere ndi mzere kudula duwa lililonse n'kuliponya pansi, kuti mphamvu yonse ipite ku masamba. Tsiku limenelo Elifasi, munthu wosayankhulayankhula, anabisa duwa limodzi m'chipewa. Atafika kunyumba, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, analiika pambali pa khanda lija.

“Lero ndathyola anzake osawerengeka,” anatero, “koma ili ndati libwere lidzaone mnzake. Uyu ndiye duwa lathu. Ameneyu palibe adzamuthyole.”

Keziya anati ndi zachibwana, koma m'mawa mwake anamveka akunyengerera mwana kuti, “Tonthola Duwa, tonthola.” Posakhalitsa la Esnat linatsalira ku tchalitchi. Elifasi anakhala bambo a Duwa, Keziya anakhala amake Duwa, ndipo dzina limeneli analikonda kuposa limene anabadwa nalo.

Mwana atayamba kuthamanga, mkazi wa Bwana Gray, amene onse ankangoti Dona, anafuna munthu wochapa ndi kusita ku nyumba yaikulu. Kapitao anasankha Keziya chifukwa cha mikono yake. Kumeneko kunali khukhi wachikulire wochokera ku Zomba. Dzina lake lenileni linali litaiwalika. Azungu anamutcha Christmas ndipo iye ankayankha. Ndiye ankamasulira pakati pa Dona ndi antchito, poti Dona ankangodziwa mawu ochepa a Chilapalapa, chiyankhulo cholamulira antchito chija.

Tsiku lina Bwana anabwera kuchokera ku tauni ya Halale ndi kagalu kakakazi m'dengu, ka ubweya wofiirira ndi makutu olendewera. Dona anakhala nako pa khonde akusinkhasinkha dzina. Nthawi yomweyo Keziya, ali kuyanika zovala kuseri, anaona mwana wake akulowera kolakwika.

“Duwa! Duwa iwe, bwera kuno!”

Dona anadzutsa mutu naitana Christmas, namufunsa tanthauzo la mawu amenewo. Christmas analoza maluwa a m'dimba la Dona.

“Mushe!” anatero Dona m'Chilapalapa, kutanthauza kuti zabwino, akuwomba m'manja. Ananyamula kagalu kaja, nakapsompsona pa mphuno, nakatchula dzina la mwana wa Keziya.

Keziya anamva ndi makutu ake. Anaponya chovala chonyowa m'beseni nalowa m'khitchini osagogoda.

“Achimwene, mwagulitsa dzina la mwana wanga?”

“Anandifunsa tanthauzo, mlongo, ine ndinayankha. Ndikanatani?”

“Mukanati ndi dzina la munthu wamoyo! Kwanu ku Zomba galu mumamutcha dzina la mwana wa mnzanu? Galu timamutcha Mulibechisoni, timamutcha Adzatopa, kuti mdani amve akamadutsa. Ine ndine mdani wa ndani pano?”

Christmas anangoyang'ana mbatata imene ankasenda. “Tsitsani mawu, akumva.”

Nkhani inafika ku komboni dzuwa lisanalowe. Amuna ena anaiona ngati nthabwala. Kapitao anakumana ndi Keziya pa njira ya kuchitsime nati, “Amake Duwa, mwana wanu uja ndamuona akudya nyama ya ng'ombe pa khonde. Mwabereka bwino, makutu okha ndiwo atalika.” Keziya anatula ndowa pamutu namuthira madzi onse kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato, kenako anabwerera kukatunga ena.

Apa ndi pamene panali popweteka. Dona sanangotenga dzina la mwana. Anatenganso la mayi. Aliyense akati “amake Duwa”, Keziya ankamva ngati akumuti make wa galu.

Elifasi anayesa kumuziziritsa. “Mzungu sadziwa zimenezi, amake Duwa. Iyeyo mwina akuona ngati watilemekeza.”

“Ulemu? Bwanji osamutcha dzina la amayi ake omubala?”

“Kwa eni kulibe mkuwe. Chitupa changa chili m'manja mwa Bwana. Akachilemba zoipa, palibe pulazi idzandilandire.”

“Munati palibe adzamuthyole. Ndi pakamwa panu pomwepa.”

Elifasi anatuluka n'kukakhala panja.

Keziya anapirira miyezi ingapo, mano ali gwa. Ankachapa bulangeti la galuyo, lofewa kuposa limene mwana wake ankafunda. Ankaona mbale yake ikudutsa ndi mkaka, pamene phoso la banja lonse linali ufa, nyemba zofumbwa ndi mchere. Akafuna mwana wake ankamuitana monong'ona, poti akakweza mawu galu ankabwera akugwedeza mchira.

Ndiye tsiku lina masana, Keziya ali kusita m'kachipinda ka kuseri, Dona anatulukira pa khomo la khitchini ndi mbale ya nyama.

“Duwa! Duwa!”

Mwana uja anali akusewera pansi pa mtengo wa mapeyala. Anamva dzina lake, anaona mbale, ndipo anachita zimene amake anamuphunzitsa: anathamanga, nagwada, natambasula manja awiri. Galu, amene tsopano anali atakula, anafika pambuyo pake. Anaona dzanja likuyandikira mbale yake, nalumphira mkono.

Kukuwa kwa mwana kunamupeza Keziya simbi ili m'manja. Anaisiya pomwepo natuluka. Anapeza mwana ali pansi, magazi akuyenderera mpaka m'zala, ndipo Dona anali atanyamula galu wake, akumusisita pamutu kuti mtima ukhale pansi. Atatha kutonthoza galu ndi pamene anatuma Christmas kukatenga botolo la mankhwala a buluu ndi kansalu. Kenako anayankhula ndi khukhiyo mawu angapo, modekha, ngati akunena za ndiwo za madzulo.

Christmas anakhosomola. “Akuti pepani. Akutinso vuto ndi lakuti mayina akufanana, ndiye galu akusokonezeka. Akuti poti mwanayu ali ndi dzina lina la ku tchalitchi, kuyambira lero muzimuitana limenelo.”

Keziya anamanga bala, nabereka mwana kumbuyo, namangitsa nsalu pachifuwa. Kenako anayandikira Dona mpaka galu anayamba kulira.

“Muuzeni kuti dzinali analipeza. Muuzeni kuti mwana uyu sanabwere m'dengu kuchokera ku Halale, anatuluka m'mimba muno. Mwana wanga wina ali pansi pa fodya wa mwamuna wake, ndipo fodyayo anamugulitsa, ine sindinakuwe pa khomo pake. Thukuta lathu adya, manda athu alima, lero akufuna ndi dzina lomwe? Asinthe la galu wake! Amutche Gray, aone ngati mwamuna wake adzaseke. Muuzeni!”

Christmas anatembenukira kwa Dona nanena timawu tiwiri, akumwetulira mwamantha.

“Achimwene,” anatero Keziya, “ine ndalankhula zodzaza dengu, inu mwapereka zapachikhatho. Mwazisiya kuti zinazo?”

“Ndikukupulumutsani, mlongo.”

“Dzipulumutseni nokha, inu amene munataya dzina la abambo anu chifukwa cha makombo a m'khitchini.”

Pamenepo fungo la nsalu yopsa linawafika. Simbi ija, yodzaza makala, inali itakhala pa diresi la Dona lopitira ku mipikisano ya akavalo, ndipo inaboola mpaka pa thabwa. Dona anathamangira komweko akukuwa. Keziya sanacheuke. Anatsika njira ya ku komboni, mwana akusisima kumbuyo.

Sanawathamangitse nthawi yomweyo, chifukwa fodya anali m'mabani ndipo Elifasi anali mmodzi wa osonkha moto. Bwana sakanataya wantchito wotere pakati pa nyengo. Anangochotsa Keziya ku nyumba yaikulu n'kumutumiza ku shedi yosankhira fodya, kumene amayi ankakhala pansi tsiku lonse, fumbi la fodya likuwakereketa pakhosi, akupatula masamba malinga ndi mtundu. Ndipo kapitao analengeza kuti lamulo la Dona lilipobe: pa pulazi imeneyi Duwa ndi mmodzi.

M'shedimo Keziya anakhala moyandikana ndi Jesinta, mayi wochokera ku Angoniya, m'dziko la Apwitikizi. Awiriwa sankamwerana madzi. Mwamuna wa Jesinta anali wa gule wamkulu, ndipo Keziya, monga wa mpingo, anali atanenapo zambiri za ng'oma zawo. Koma Jesinta anaona mkono wa mwana uja, wotupa ndi wabuluu, ndipo anasiya kusankha fodya.

“Ndi zoona akuti musinthe dzina?”

“Ndi zoona.”

“Musintha?”

“Ndikadzafa.”

Jesinta anagwira mimba yake, imene inali itatsala pang'ono. “Uyu akakhala wamkazi, ndi Duwa. Aletse tione.”

Anabadwa wamkazi. Patapita nthawi pang'ono mayi wina anabereka wamkazinso, naye anati Duwa. Mayi wa Chishona amene anakwatiwa ndi munthu wa ku Nyasalande anati kwawo duwa amati ruva, koma wake amutchula mwa Chinyanja kuti Dona amve bwino. Amene analibe makanda anayamba kuitana ana awo aakazi ndi dzina lomwelo. Amuna ankang'ung'udza kuti akazi mutiputira nkhondo, koma pobereka sipakhala mwamuna.

Komboni inali kumunsi kwa nyumba yaikulu, ndipo dzuwa likapendeka mawu ankakwera phiri bwinobwino. Nthawi yoitana ana kuti adzasambe ikakwana, Keziya ankaima pa khomo pake, manja m'chiuno, n'kutsegula kukhosi konse.

“Duwaaa!”

Kwinaku Jesinta, ngakhale wake anali pa bere: “Duwaaa!” Kenako wina, kenako wina, komboni yonse.

Galu wa Dona ankadumpha pa khonde n'kutsetsereka ndi liwiro. Ankafika pakati pa nyumba n'kumazungulira ngati wamisala, osadziwa woti amuyankhe. Palibe ankamumenya, Keziya yekha ankamuthira malovu. Ankabwerera kwawo ali ndi nkhupakupa, akununkha kudzala. Dona anamumanga pa chingwe, galu anatafuna chingwe. Anatuma kapitao kuti akaletse, amayi anati, “Tikuitana ana athu. Nawonso tiwamange pa chingwe?” Ndipo mapeto ake galu uja, amene Dona ankamusungira mwamuna wa mtundu wake ku Halale, anapezeka ali ndi bere la agalu a pa komboni.

Mmawa wina Bwana Gray anatsika ndi mfuti, kapitao ali pambuyo. Anayenda nyumba ndi nyumba akuwombera galu aliyense amene anamupeza. Ana ankalira atabisala kuseri kwa amayi awo. Agalu amenewo ndiwo ankagwira mbira ndi agwape Lamulungu, ndiwo ankabweretsa nyama yokhayo imene anthu ankailawa. Mwamuna wa Jesinta anataya ake onse. Mfuti itakhala chete, anthu sanayang'ane ku nyumba yaikulu. Anayang'ana Keziya.

“Mwaona pakamwa panu?” anatero bambo wina. “Tidya dzina limenelo tsopano?”

“Mfuti inali m'manja mwanga?” anayankha Keziya. “Wakupherani agalu ali apo akukwera phiri. Mtsateni mukamufunse, ngati muli amuna.”

Palibe anamutsata. Fodya womaliza atapita ku msika, kapitao anabweretsa chitupa cha Elifasi nati achoke dzuwa lisanalowe. Jesinta yekha ndiye anawaperekeza mpaka pa geti, kamwana kake kali kumbuyo, ndipo anamupatsa Keziya nkhuku yomanga miyendo.

Anayenda pulazi ndi pulazi, katundu pamutu. Kwina ankawakana, kwina ankagwira nyengo imodzi n'kupitirira. Panjira Elifasi anangonena mawu amodzi okhudza nkhaniyi.

“Dzina mwalisunga, amake Duwa. Nyumba mwataya.”

“Inali yanu nyumbayo? Ndi udzu womwe unali wa Gray.”

Anakakhazikika pa pulazi ina kufupi ndi Norton. Kumeneko Keziya anadabwa kupeza kuti dzina lija linali litawatsogolera. Antchito a m'mapulazi sakhalitsa malo amodzi, ndipo kulikonse kumene a kwa Gray anapita ananyamula ana awo ndi nkhani yawo. Ena anatenga dzinalo chifukwa cha nkhaniyo, ena anangolikonda kuti ndi lalifupi, lokoma poitana, losanena za imfa kapena za adani monga mayina ambiri a pa komboni. Nkhani nayo inkanenepa poyenda. Mtsikana wina, osadziwa amene akulankhula naye, anauza Keziya pa chitsime kuti mwana wake anamutcha Duwa pokumbukira mayi wina wa ku Umvukwes amene anamenya Dona khofi mpaka kugwa.

“Bodza,” anatero Keziya. “Sanamumenye. Akanamumenya bwenzi mtima wake uli m'malo.”

Koma nkhani ikafika kwa akulu imafikanso kwa ana, ndipo ana amatolamo zawo. Anaona chipsera pa mkono wa Duwa, anamva za galu, naphatikiza. Akamadutsa ankamuuwa. Akabwera kudzasewera ankamuponyera fupa. Mwanayo sankanena kunyumba. Ankangobwera ndi diresi long'ambika, milomo yotupa.

Chaka chimene Chitaganya chinatha, anthu ali pa chisangalalo kuti kwawo ku Nyasalande zinthu zikusintha, Duwa anafika kunyumba tsiku lina ali ndi magazi m'mphuno. Anaima pamaso pa amake osalira.

“Amayi, musamanditanenso Duwa. Ine ndine Esnat.”

Keziya anaimika dzanja m'mwamba, koma silinatsike. Anatuluka, nazungulira komboni yonse, khomo ndi khomo, akukalipira amayi a ana ouwa aja mpaka ena anatseka zitseko. Atabwerako anapeza mwana ali pomwe anamusiya.

“Ndawauza. Sadzakuuwanso.”

“Adzandiuwa kumene inu kulibe. Sindikulifuna.”

“Ukudziwa zimene ndinataya chifukwa cha dzina limeneli? Ukudziwa mtunda umene tinayenda?”

“Analumidwa ndine, amayi.”

Elifasi anali pa mpando wake pakona, akusoka nsapato. Anayankhula osadzutsa mutu.

“Dona analamula, munakana, ndipo lero ndikuvomera kuti munachita bwino. Koma uyu sakulamula. Akupempha, ndipo ndi mwini wake. Mtima umenewu mukuona ngati wautenga kwa yani?”

“Inu khalani chete. Munabweretsa dzinali ndinu, polimenyera munalibe.”

Kwa masiku angapo Keziya sanamuitane mwanayo ndi dzina lililonse. Ankangoti “iwe”. Akaphika sadza, nsima ya kumeneko, ankamuikira mbale patsogolo osamuyang'ana. Mwanayo naye ankadya osanena kanthu, ndipo wina akamuitana Duwa sankacheuka ngakhale pang'ono. M'nyumbamo munali ngati mwagwa maliro.

Kenako mmawa wina, belu la ku shedi litalira, Keziya anaona kuti mwanayo wapita kuchitsime n'kuiwala nkhata. Anaima pa khomo nkhatayo ili m'manja. Amayi oyandikana nawo anasiya kusesa.

“Esnat!”

Linatuluka lolemera, ngati akulavula mwala. Mwana anacheuka, nabwerera akuthamanga, nagwada, nalandira nkhata. Keziya sanadikire zikomo. Anamanga mpango wake napita ku shedi, ndipo tsiku limenelo kapitao wa kumeneko, amene anangoti wachedwa, anamva za makolo ake onse mpaka a kuchikazi.

Keziya sanabwererenso ku Dedza. Anakalambira m'makomboni a ku Norton, akusankha fodya mpaka maso anachita khungu. Ankamuitana mwana wake kuti Esnat moyo wake wonse, osaphonya. Koma iye mwini, munthu akayerekeza kumuti amake Esnat, ankamubweza ndi mawu oti sangawaiwale. Anamwalira ali amake Duwa, ndipo Esnat amanena kuti mpaka m'masiku omaliza, nkhani ya kwa Gray ikangotchulidwa, amayi akewo ankadzuka pa mphasa n'kuyamba kutukwana: Dona poyamba, kenako Christmas, kenako amuna onse amene anaima n'kumangoonerera. Keziya ankati galu yekha ndiye analibe mlandu, koma naye sanamukhululukire.